Kodi n'zoona kuti ku America ankatseka anthu akhunyu mokakamiza kuti asabereke?

NachisaleWaKuDedza: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwana wanga wamkazi amadwala khunyu, ndiye chilichonse chokhudza matendawa ndimachiwerenga. Ndaona kuti kale ku America anthu ngati iyeyu ankawatseka kuti asabereke, ati pofuna kuyeretsa mtundu. Mtima wanga sukukhazikika. Linali lamulo lenileni, kapena madokotala ankangochita mobisa? Nanga makhoti anali kuti?

MphunzitsiWopuma: Mayi, linali lamulo ndithu. Chigawo cha Indiana ndicho chinayamba mu 1907, kenako zigawo zoposa 30 zinatsatira, ndipo anthu oposa 60,000 anatsekedwa. Ankalimbikitsa zimenezi anali anthu ophunzira, okhulupirira kuti umphawi, misala ndi umbava zimayenda m'magazi. Mu 1922 Harry Laughlin wa ku Eugenics Record Office, bungwe lolimbikitsa maganizo oyeretsa mtunduwa, analemba lamulo lachitsanzo loti zigawo zizikopera. Pa mndandanda wake panali akhunyu, osaona, osamva, zidakwa, ngakhale ana amasiye. Germany ya Hitler itapanga lamulo lake mu 1933, inatseka anthu pafupifupi 400,000, ndipo mu 1936 yunivesite ya Heidelberg ya ku Germany komweko inamupatsa Laughlin digiri yaulemu.

Chimwemwe_BT: Za makhoti ndizo zimandiwawa ine, amayi. Mu 1927 khoti lalikulu la dzikolo linaweruza mlandu wa Carrie Buck wa ku Virginia. Mtsikanayu anagwiriridwa ndi wachibale wa banja limene linkamulera, natenga mimba ali ndi zaka 17. Pobisa manyazi, banjalo linakamutula ku malo osungirako akhunyu ndi amene ankawati operewera nzeru, komwe kunali kale mayi ake. Loya amene anamupatsa anali mnzake wa loya wa mbali inayo, komanso anakhalapo mu bodi ya malo omwewo. Sanaitane mboni ngakhale imodzi. Laughlin anatumiza umboni wonena kuti Carrie ndi woperewera nzeru, chikhalirecho sanamuonepo ndi maso.

Majaji 8 anavomereza kuti Carrie atsekedwe, mmodzi yekha ndiye anakana. Jaji Oliver Wendell Holmes analemba kuti mibadwo itatu ya zitsiru yakwana, kunena Carrie, mayi ake ndi mwana wake Vivian. Vivian yemweyo atayamba sukulu ankakhoza bwinobwino, mpaka anamwalira mu 1932 ali ndi zaka 8. Mng'ono wake wa Carrie, Doris, anamunamiza kuti akumuchita opaleshoni ya apendikisi, pomwe ankamutseka. Anakwatiwa, nayembekezera mwana zaka zambirimbiri, choona anadzachidziwa atakalamba.

NamwinoKuJoni: Musaziyese zakale zokha. Ku Namibia khoti lalikulu linagamula mu 2014 kuti amayi atatu okhala ndi HIV anatsekedwa popanda chilolezo chenicheni, atasainitsidwa mapepala ali m'kati mwa matenda a kubereka. Kutseketsa si koipa, amayi ambiri amasankha okha ngati njira yolerera. Koma mwana wanu akadzakula, fomu ya opaleshoni iliyonse adzamuwerengere m'chinenero chake, ali bwinobwino, ndipo adzasaine mwini wake.