Audit ya m'tauni kapena holoselo ya ku Limbe, ndiyambire kuti?

Tamanda: Akuluakulu mwaswera bwanji. A Yamikani ndi amene anandilowetsa m'gulu muno, ndiye pepani ndangofikira kupempha. Ndikumaliza chaka chachinayi cha Accountancy ku MUBAS, kwatsala mayeso omaliza okha. Malo awiri andiuza kuti ndikangolemba ndikayambe. Koyamba ndi kakampani ka audit (kofufuza mabuku a ndalama a makampani ena) ka m'tauni komwe ndinachitira attachment. Akuti andilemba ngati trainee, koma ndalama yake izingothera thiransipoti ndi nkhomaliro, poti ndimakhala ku Bangwe, ndiye ndi minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwerera. Kwinako ndi holoselo ina ku Limbe, akufuna munthu wa mu accounts, malipiro ake pafupifupi kuwirikiza kawiri. Kunyumba mayi ali okha, mng'ono wanga ali Fomu 3. Koma khumbo langa ndi lakuti ndidzakhale chartered, akauntanti wovomerezeka ndi bungwe la maakauntanti. Ndipite kuti?

aPhiri: Takulandirani chemwali. Ine ndilibe zozungulira, pitani ku audit. Digiri yokha sikupangani chartered. Ku ACCA, bungwe la maakauntanti la ku UK, kupatula mayeso, amafuna miyezi 36 ya ntchito yeniyeni ya accounts, komanso ma performance objective (maluso a pantchito) 9 amene munthu woti ndi qualified wasayinira kuti anakuonani mukuwachita. Ku audit zimenezi zimabwera zokha. Mwezi uno muli kufakitale ku Makata mukuwerenga stock, mwezi wamawa muli ku bungwe loona za chitukuko, kenako kusukulu. Pa zaka zitatu mwaona mabuku a anthu ambirimbiri. Kuholoselo mudzadziwa mabuku amodzi okhawo.

Yamikani: A Phiri, zonsezo n'zoona, koma mayesowo alipira ndani? ACCA imalipidwa m'mapaundi. Chitsikireni kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, anzathu angapo amene tinamaliza nawo anaima kaye kulemba. Ndalama ukhoza kuipeza, koma kuti banki ikupatse ndalama zakunja n'kudikiranso. Trainee woti salale yake ikuthera pa Chipembere Highway adzasunga chiyani? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwanayu ali ndi fizi ya mng'ono wake pamutu, tisamuuze ngati alibe udindo.

Mai Nachisale: Nonse awiri mwathamangira kuyankha musanafunse. Tamanda mwana wanga, kuholoseloko anakuuza kuti uzikachita chiyani kwenikweni? Mawu oti "wa mu accounts" ku Limbe amatanthauza zinthu zambiri. Kwina ndi munthu wokhala pa till kuyambira m'mawa mpaka kutseka, kulandira ndalama ndi kutulutsa malisiti. Kwina ndi wolondola ngongole kwa amagolosale. Kwina ndi amene amasungadi mabuku. Zitatuzi n'zosiyana kutalitali, ndipo yoyambayo ungaigwire zaka zisanu osapeza choti munthu akusayinire.

Tamanda: Amayi, anangoti ndizikalowetsa mainvoisi mu kompyuta ndi kuthandiza kumapeto kwa mwezi. Sindinafunse zambiri, ndimaopa kuoneka ngati wamatama.

Mai Nachisale: Kufunsa ntchito imene ukagwire si matama. Bwerera ukafunse mwaulemu. Amagwiritsa Sage, QuickBooks kapena ndi Excel basi? Bank reconciliation, kufananiza mabuku ndi sitetimenti ya ku banki, amachita ndani? Payroll ili m'manja mwa ndani? Ndipo funso lalikulu kuposa onse: alipo munthu qualified amene amayang'ana mabuku awo, kaya wolembedwa ntchito pomwepo kaya wochokera kunja?

Ndikulimbikira funso limeneli chifukwa ambiri sadziwa kuti ACCA silamula kuti wokusayinira akhale bwana wako wa tsiku ndi tsiku. Bwana amene si qualified akhoza kutsimikiza miyezi imene wagwira. Ma objective ndiwo amafuna membala wa bungwe lovomerezeka la maakauntanti, ndipo akhoza kukhala akauntanti kapena auditor wa kunja amene amagwira ntchito ndi kampaniyo, bola akhale woti ntchito yakoyo amaiona ndi maso ake. Ine ndasayinirapo ana otere pamene ndinkasunga mabuku a makampani ang'onoang'ono. Ndinkakhala nawo pansi kumapeto kwa mwezi, kutsegula fayilo, kuwafunsa kuti kusiyana uku kwa pa reconciliation kwachokera pati. Akalephera kufotokoza sindinkasayina, tinkadikira mwezi wina.

Che Jafali: Ndilowepo kumbali ya msonkho, poti ndiko ndimadyera. A Phiri akuti kuholoselo ndi mabuku amodzi, inde, koma taonani zimene zili m'mabukumo. PAYE ndi withholding tax ziyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25. Pali penshoni, 10 peresenti ya olemba ntchito ndi 5 ya wantchito. Pali TEVET levy, 1 peresenti ya payroll. Ngati amaitanitsa katundu kunja, pali mapepala a clearing agent ochokera ku Mwanza oti agwirizane ndi zimene zalowa mu warehouse, ndipo mtengo wa katoni iliyonse uyenera kuphatikiza duty ndi thiransipoti. Mwana amene wachita zimenezi ndi manja ake kwa zaka ziwiri, wolowa yekha pa Msonkho Online, wokaima yekha pamzere ku Msonkho House kukalongosola nkhani ya penalty, ine ndimamulemba ntchito mosakayika. Ndalandirapo ochokera ku audit odziwa kupeza cholakwa m'mabuku a eni, koma oti sanatsekepo mwezi ngakhale umodzi.

Koma chenjezo langa ndi ili, ndipo ndikulankhula ngati kholo. Pali amalonda ena amene amafuna munthu wa digiri kuti awakonzere mabuku awiri, ena oonetsa a msonkho, ena awo a m'kabati. Mukaona katundu akutuluka popanda lisiti, kapena akukuuzani kuti invoisi iyi musailowetse, tulukanipo msanga. Dzina likada muli wamng'ono, palibe bungwe la maakauntanti limene lidzakulandireni.

aPhiri: Apo Che Jafali mwalasa, ndipo n'chifukwa chake ndimakonda kuti mwana ayambire pansi pa munthu amene ali ndi satifiketi yoti akhoza kulandidwa. Komabe ndivomereze mfundo ya Mai Nachisale, mafunso omwewo apitenso kukampani ya audit. Partner wake, mwini kampaniyo, ali ndi practising certificate (chilolezo chogwirira ntchitoyi) ya ICAM, bungwe la maakauntanti la kuno ku Malawi? Kampaniyo ndi yovomerezeka kuphunzitsa ma trainee? Zimenezi mukhoza kukafunsa ku ofesi ya ICAM mu Blantyre momuno. Amapereka masiku owerengera mayeso akayandikira? Amathandizako fizi ya mayeso? Kampani yoti imalipira pepala limodzi ukakhoza, salale yake yaing'onoyo imaoneka mwina.

Tamanda: Pa attachment ndinaona kuti ma trainee ankapatsidwa sabata imodzi yowerengera. Za fizi aliyense ankadzionera yekha. Ntchito yanga yambiri inali kufananiza mavawucha ndi ledger, koma ndinapitako ku stock count kamodzi ku Chirimba.

Mai Nachisale: Miyezi ya attachment imeneyo usaitaye. ACCA imalola kuwerengera ntchito imene unagwira usanalembetse, bola ikhale ya accounts ndipo amene ankakuyang'anira atsimikize. Pita sabata ino akulembere kalata yonena masiku ndi zimene unkachita. Anthu a mu audit sakhalitsa malo amodzi, ukadzamufuna chaka chamawa udzamva kuti anasamukira ku Lilongwe.

Yamikani: Komanso Tamanda usaone ngati njira ndi ACCA yokha. ICAM ili ndi mayeso akeake okhalira chartered, otchedwa CA Malawi, ndipo amalipidwa m'makwacha. Ine ndi imene ndikulemba. Pita ndi transcript yako akakuuze mapepala amene angakuchotsere chifukwa cha digiri, ufunsenso kuti iwo ntchito ya kuholoselo amaiwerengera bwanji, chifukwa malamulo awo a training ndi awoawo, usangotengera a ACCA. Ukatero uwerengetse mtengo wa njira ziwirizi mpaka kumapeto, osati wa pepala loyamba lokha.

Tamanda: Akuluakulu ndabweranso. Dzulo ndinapita ku Limbe ndi mafunso aja nditawalemba papepala. Pa till pali anthu ena, ine sindikakhalapo. Amagwiritsa Sage. Pali mayi wina wa ACCA, membalanso wa ICAM, amene amabwera kumapeto kwa mwezi uliwonse kudzakonza VAT ndi payroll, ndipo ndi iyeyo anawauza eni sitolo kuti apeze munthu wokhazikika chifukwa mapepala amawapeza ali balala. Ndinalankhula nawo pafoni. Akuti akhoza kukhala supervisor wanga ngati reconciliation ndi ma return ndizikonza ine, iwo n'kumaona ndisanatumize. Kalata ya attachment ija andilonjeza Lachinayi.

Che Jafali: Ngati mayiyo ndi amene anapempha kuti pakhale munthu, ndiye kuti eni ake akufuna mabuku olongosoka. Chizindikiro chabwino chimenecho.

aPhiri: Ndasangalala kuti mwafufuza. Chimodzi chokha musaiwale chemwali. Ngati mumtima mwanu mukufuna kudzasayina ma audit report tsiku lina, ntchito ya kuholoselo siidzakufikitsani kumeneko, mudzayenera kulowabe mu audit. Ndiye kukampani ija musangosowa. Pitani nokha mukawathokoze, muwauze chifukwa chenicheni, mayi ndi sukulu ya mng'ono wanu. Blantyre ndi yaing'ono, partner yemweyo mudzakumana naye pa misonkhano ya ICAM.

Mai Nachisale: Ndipo zonse zimene akulonjezazo zilowe m'kalata yolembera ntchito. Udindo ulembedwe kuti Accounts Assistant, ntchito zako zitchulidwe imodziimodzi: bank reconciliation, payroll, VAT, PAYE, stock. Pakhale mzere wonena za masiku owerengera mayeso, poti kuholoselo amagwira ndi Loweruka lomwe, ndipo December, mwezi umene malonda amachuluka kwambiri, ndi mwezinso wa mayeso a ACCA. Za penshoni zilembedwenso. Akakupatsa kalatayo usasayine pomwepo, uwapemphe tsiku limodzi, unditumizire ku inbox ndiione.

Tamanda: Zikomo kwambiri amayi, zikomo nonse. Kalatayo akuti ituluka Lachisanu, ndikangoilandira ndikutumizirani. Ku ICAM ndipita Lolemba m'mawa ndi transcript, a Yamikani mundiuze ngati pali pepala lina loti nditenge.

Yamikani: Tenga chiphaso cha unzika ndi satifiketi ya MSCE, zenizeni ndi mafotokope ake. Ndikhala ku Ginnery Corner cha m'ma 9, undiimbire tipitire limodzi.