Za ndalama za chaka chino: chikwangwani cha pa mkuyu kapena zimbudzi za ku doko?

Mlembi: Moni nonse ana a ku Nkhotakota. Thumba lathu lingathe ntchito imodzi yokha chaka chino. Ena akuti tikonze malo a pa mkuyu pamene Livingstone anakumana ndi Jumbe, ena akuti timange zimbudzi ku doko. Tiyeni timve maganizo.

Achimwene a ku Johannesburg: Ine ndili pa mkuyu. Mbiri ya Linga ndi yaikulu: a Jumbe, malonda a akapolo, manda a bishopu Chauncy Maples, chipatala cha St Anne's. Mlendo akafika sapeza womufotokozera. Zimbudzi ndi ntchito ya khonsolo.

Mayi a ku Linga: Ana anga, ndiloleni ndilankhule ngati munthu amene anakulira pa mchenga umenewo. Mayi anga ankayanika usipa pansi, matandala kunalibe, ndipo ife ana tinkakhala pompo kuingitsa akhwangwala. Madzi akumwa, ochapira, osambira, onse anali a m'nyanja. Anyamata akakodza magazi tinkati ndi kukula, osadziwa kuti ndi likodzo. Sitima ya Ilala ikaima, doko lonse linkadzaza anthu, koma podzithandizira panalibe, aliyense ankalowa m'bango. Nditakula ndinalowa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kuyenda ndi alangizi khomo ndi khomo. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inandipeza ndikugawa klorini ndi Thanzi. Alovi amabwera usiku kuchokera madoko ena, amagona pa mchenga, m'mawa amayi akugula nsomba pomwepo ana ali kumbuyo. Mkuyu ndimaukonda, koma sunadwalitsepo mwana wa munthu.

Achimwene a ku Johannesburg: Mayi, ndamva ndipo sindikutsutsa. Nkhawa yanga ndi yoti zimbudzi za pa mchenga zimagwa mvula ikangoyamba. Taonani mmene nyanja inakwerera mu 2024.

Aphunzitsi a ku Dwangwa: Zimagwa chifukwa timakumba ngati kumtunda. Dzenje la pa mchenga limafuna kumangidwa ndi njerwa ndi simenti kuchokera pansi, chimbudzi chikhale chokwera, patali ndi pamene madzi amafika. Funso langa ndi lakuti azisesa ndani?

Mayi a ku Linga: Aphunzitsi mwafunsa bwino. Tikhale pansi ndi a BVC (komiti yoyang'anira usodzi pa doko) ndi amfumu tisanagule thumba la simenti ngakhale limodzi. Eni mabwato azisonkha kangachepe pa sabata, amayi a nsomba azisunga makiyi. Mbali ya amayi ikhale ndi chitseko chake ndi posambira, apo ayi sadzalowamo. Kwa amfumu ndipita ndekha, miyendo ikadalipo.

Mlembi: Zikomo mayi. Aphunzitsi, tipezereni mmisiri awerengere njerwa ndi simenti. Achimwene, lembani zimene chikwangwani chingadye kuti tiyerekeze. Tivota Loweruka madzulo.