Mankhwala a mapazi owotcha akuwagonetsa bambo anga masana onse, ndiwasiyitse?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni, admin chonde ivomerezeni. Bambo anga ali ndi zaka 67, ndi a shuga kuyambira kale, ndiye chaka chino ayamba kudandaula kuti mapazi akuwotcha ngati aponda makala, usiku amachotsa bulangete kumapazi ati likuwabaya, pena 2 koloko usiku ndimawapeza aviika mapazi m'beseni. Ndinawatengera ku chipatala cha pulayiveti ndekha ndi ndalama za geni yanga ya kaunjika, pomwe achimwene anga ali ku Joni chaka cha 6 koma ukawaimbira ati randi yavuta, chonsecho pa Facebook daily zithunzi akuwotcha nyama. Alamu anga nawo ati ndine ndikuwadwalitsa bambo ndi mapilisi, munthu sanabwerepo ngakhale ndi buledi. Dokotala anawalembera makapisozi ati m'kapisozi mmodzi muli mankhwala awiri. Lero tsiku la 9, kuwotchako kwachepa koma akungogona masana onse ndipo dzulo anadzandira potuluka kubafa mpaka anagwira chitseko. Ndiwasiyitse? Anali odula, kutaya zikundiwawa.

Nachisale: Za nyama ya achimwene tamva, za alamu tamva, nanga dzina la mankhwalawo?

Bigman wa ku 25: ASIYITSENI LERO LOMWE. Mankhwala a mitsempha onsewa ndi bizinesi basi, amangokugonetsa kuti uiwale ululu. Ine miyendo inkachita dzanzi, ndinamwa adyo, jinja ndi chammwamba masabata awiri, pano ndimasewera bola.

Mayi a Tadala: Bigman positi iliyonse ndi adyo. Tsiku lija munthu anafunsa za batire la galimoto munati adyonso kkkk

Bigman wa ku 25: Sekani, tidzakumana pa mzere wa dialysis, kotsuka magazi impso zikafa.

Sisita Mphatso: Ndine namwino. Musawasiyitse mwadzidzidzi musanalankhule ndi amene anawalembera. Ngati muli pregabalin kapena gabapentin, chizungulire ndi tulo zimachitika kwambiri masiku oyamba, koma posiya amachepetsa pang'onopang'ono, pafupifupi sabata kapena kuposa, apo ayi munthu amasowa tulo, nseru, thukuta, mutu, ena mpaka kukomoka. Koma kudzandira kwa munthu wa zaka 67 si kongokuonerera, akagwa ndi kuthyola chiuno ndi nkhani ina. Bwererani mawa ndi bokosi lake ndi kabuku kawo ka kuchipatala. Tatiuzani zalembedwa pa bokosipo.

Che Ajusa: Ine yanga inali ya ma ARV akale aja a stavudine, miyendo inayaka mpaka ndinkayenda ngati ndikuponda minga, nsapato ndinasiya ndimangovala patapata ngakhale ku tchalitchi. Anandisinthira mankhwala koma chala chachikulu mpaka lero sichimva. Mkazi wanga panthawiyo anandithawanso, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mlaliki Yohane: Moto wa kumapazi nthawi zambiri ndi chinthu chopondedwa. Fufuzani pakhomo mwana wanga, makamaka alamu mukuwanenawo.

Nachisale: Abusa munthu ali ndi shuga, shuga akakhalitsa amawononga mitsempha ya kumapazi, musayambanitse banja.

Bigman wa ku 25: Apa ndiye ndigwirizane ndi Nachisale, koma shugayo amatsika ndi chammwamba. Anamwino sangakuuzeni chifukwa ntchito iwathera.

Aunt Grace UK: Kuno ndimasamalira okalamba. Pregabalin ndi gabapentin anaziika m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mu 2019 chifukwa anthu ankaledzera nazo ena kufa atasakaniza ndi mankhwala ena, pepala la dokotala likadutsa masiku 28 silimagwiranso. Ndiye kwathuko ndikamva munthu akugawira neba ndimachita mantha. Za achimwene anu musawaweruze msanga, kunja kuno moyo si wa pa zithunzi.

Mayi a Tadala: Aunt mwayamba kudziikira kumbuyo kkkk, tumizani ndalama kumudzi

Membala wobisa dzina: Pepani ndinali ku msika, bandulo ya lero inali zinyalala zokhazokha. Pa bokosi alemba pregabalin 75 mg ndi methylcobalamin 750 mcg. Amamwa m'mawa ndi madzulo. Usiku ululu ukavuta ndimawawonjezera aja anatsala a mayi a msana. Achimwene ndawatumizira screenshot angowerenga osayankha.

Sisita Mphatso: Methylcobalamin ndi vitamini B12, ameneyo sagonetsa, ndipo kwa amene amwa metformin, mankhwala a shuga aja, zaka zambiri B12 amatha kuchepa m'thupi. Wogonetsayo ndi pregabalin. Amatuluka kudzera mu impso, ndiye ngati impso zafooka ndi shuga amaunjikana, mulingo umafunika kutsitsa, funsani ngati anawayeza magazi a impso. Koma dikirani, "aja a mayi a msana" ndi ati?

Bigman wa ku 25: Mwamva nokha, IMPSO. Ine ndimanena chiyani? Mwezi ukamatha mudzandifuna.

Nachisale: Sananene kuti akuwononga impso, ati amatulukira mu impso. Muziwerenga bwino musanalembe zilembo zikuluzikulu.

Bigman wa ku 25: Iwe unaphunzira udokotala kuti? Ine ndathandiza anthu ambirimbiri, wofuna abwere ku inbox.

Kondwani K: Madala amalawako? Malume anga ankamwa omwewa n'kutsira kachasu pamwamba, tinawatola m'ngalande.

Mai Phiri Zomba: Ine ndingoti muwayeze shuga nthawi imene akugonayo. Amayi anga tinkati ndi tulo ta mankhwala kumeneko shuga watsika kwambiri, anali pa glibenclamide, mankhwala otsitsa shuga, ndipo sankadya bwino. Komanso mapaziwo muziwayang'ana tsiku ndi tsiku mpaka pakati pa zala, ndipo asamaothe pa mbaula, munthu wadzanzi amapsa osamva, amayi anatuluka matuza tinavutika nawo miyezi itatu.

Che Ajusa: Wina wa TB asaiwale, isoniazid nayenso amayatsa miyendo, nchifukwa chake amapereka ndi ka pyridoxine kaja.

Sisita Mphatso: Mwini positi ndikufunsanso. Ngati a msanawo ndi tramadol, codeine, morphine kapena diazepam, usiku uno musawapatse, pamodzi ndi pregabalin amachedwetsa kupuma makamaka kwa achikulire. Akamavuta kudzutsa, akamapuma motalikiza kapena kusokonekera mutu, musadikire kuche, thamangirani kuchipatala. Tajambulani paketiyo.

Bigman wa ku 25: Adyo sanachedwetsepo munthu kupuma.

Mayi a Tadala: Amachedwetsa ife oyandikana nanu mu minibasi

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Achimwene ayankha, ati atumiza month end koma akufuna malisiti kaye, ine wakuba eti? Alamu ndiye andiblocka.

Sisita Mphatso: Paketi ija chemwali.