Mliri ukabuka, chimayamba kuvuta n'chiyani m'chipatala?

Funso: Akuluakulu, mliri ngati COVID-19 ukafika, chimene chimayamba kuperewera m'chipatala n'chiyani? Ambiri amati mabedi. Ndi zoona?

Yankho 1: Mabedi amapezeka, achimwene. Mu Januwale 2021 ngakhale Bingu National Stadium inasandutsidwa chipatala. Chovuta ndi okosijeni. Wodwala amene mpweya wake m'magazi watsika kwambiri pansi pa 90% angafune malita 10 mpaka 15 pa mphindi. Silinda yaikulu ya malita pafupifupi 6,800 ikamatulutsa malita 15 siifika maola 8, ndiye kuti munthu mmodzi amamaliza masilinda atatu pa tsiku. Makina a concentrator, amene amapatula okosijeni mu mpweya wotizungulira, amapereka malita 5 kapena 10 pa mphindi basi, ndipo magetsi akathima nawonso amaima. Chinanso chimene ambiri amaiwala: silinda yodzaza yopanda regulator (chochepetsa mphamvu ya mpweya wotuluka) ndi flowmeter (choyezera malita amene akutuluka pa mphindi) singathandize munthu.

Yankho 2: Pakhomo lolowera m'chipatala pamasinthanso. Aliyense amafunsidwa za chifuwa ndi kuyezedwa kutentha kwa thupi asanalowe, okayikiridwa n'kupatulidwa. Kuvula zovala zodzitetezera ndi pamene ogwira ntchito ambiri amatengera kachilombo, choncho pazikhala mnzawo woyang'anira, ndipo m'manja azisamba akavula chinthu chilichonse.

Yankho 3: Tisaiwale odwala ena, abale. Kupereka ma ARV a miyezi 6 nthawi imodzi kunachepetsa mizere, ndipo n'koyenera kupitiriza. Koma TB imabisala mosavuta chifukwa nayo imabwera ndi chifuwa ndi kutentha thupi. Wotsokomola kwa milungu iwiri ayezedwe makhololo, ngakhale zotsatira za COVID-19 zitatuluka kale.