Abwana akuti "ndiyambe ndaima kaye", kodi ndiye kuti ndachotsedwa ntchito?

Wosowa Tulo: Abale ndithandizeni, mutu wanga sukugwira. Lachiwiri abwana anandiitana mu ofesi, anandipatsa envelopu n'kundiuza kuti ndiyambe ndaima kaye. Pamenepo ndagwirapo zaka 4 osalandirapo chenjezo. Supavaiza wathu sandiyankha moni chiyambireni, mwezi watha anatenga mpando wanga n'kupatsa kamtsikana kobwera dzulodzuloli, ine n'kumalembera pa benchi ya alendo. Nditadwala anati ndikunamizira, chikhalirecho ndinabweretsa pepala la kuchipatala. Kunyumba nako apongozi akuti ndinawachitira mwano abwanawo. Kodi kuima ndi kuchotsedwa n'chimodzimodzi? Nanga ku yuniyoni, komwe amandidula ndalama mwezi ndi mwezi, ndikadali membala?

Mkulu Wakale: Mayi, MUSASAINE KANTHU! Ndanena. Anthuwa amakupatsa pepala kuti usaine, mawa lake akuti unasiya wekha. Kusiya ntchito ndi pamene iwe mwini walemba kalata. Kuchotsedwa ndi pamene abwana athetsa kontirakiti. Kusiyana kwake kuli pa ndalama zomwe utuluke nazo. Pangano nambala 158 la mu 1982 la ILO, bungwe la maiko loona za ntchito, limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akumunenera mlandu ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza. Kudwala kwa masiku ochepa si chifukwa. Kukhala mu yuniyoni si chifukwanso.

Mai a Mapasa: Pepani achemwali. Ine anandiuza mawu omwewo, "imani kaye tikuitanani". Ndinadikira miyezi 7 foni ili m'manja, ngakhale posamba ndinkaiika pazenera. Tsiku lomwe ndinapita kukafunsa ndinapeza wina atavala yunifolomu yanga, dzina langa lomwe lidakali pathumba.

Kalaliki: Kalatayo yalembedwa chiyani kwenikweni? Ngati pali mawu akuti suspension ndiye kuti mwaimitsidwa kwa kanthawi, mukadali wantchito wawo, mwina akufufuza nkhani. Ngati pali termination kapena dismissal, ntchito yatha. Onaninso ngati atchula za malipiro ndi tsiku lokakumana nawo.

Mnyamata wa Pakona: Ife a ganyu zimenezi sitizidziwa, dzuwa likalowa kontirakiti yathera pompo 😂

Agogo Olunjika: Ana a masiku ano mumathamangira pa foni. Mpando ndi nkhani? Ife tinkagwira choimirira tsiku lonse. Pitani mukapepese basi.

Mkulu Wakale: Agogo, apepese chiyani asanauzidwe mlandu? Kupepesa ndiko kuvomera! N'chifukwa chake antchito timaponderezedwa. Pangano la ILO nambala 87 la mu 1948 linapatsa antchito ufulu wolowa m'mabungwe awo, koma anthu amangodulidwa ndalama osadziwa n'komwe nthumwi yawo pakampani. Mayi, pitani kwa shop steward, nthumwi ya yuniyoniyo, lero lomwe, si mawa.

Kalaliki: Akulu, mapanganowo amamanga maiko okhawo omwe anawavomereza, ndipo tsatanetsatane wake amakhala m'malamulo a ntchito a dziko lililonse ndi mu kontirakiti. Za umembala, zili m'malamulo a yuniyoniyo. Kuimitsidwa pantchito pakokha sikukuchotsani m'bungwe, koma samalani: malipiro akaima, chopereka chija chimaimanso chifukwa amadulira konko, ndiye mungapezeke muli ndi ngongole.

Mkulu Wakale: Inu musandiphunzitse za yuniyoni, ndakhala pa matebulo a zokambirana inu musanayambe ntchito.

Mai a Mapasa: Komanso musalole akupusitseni ndi mawu oti retrenchment. Kumeneko n'kuchepetsa antchito, si mlandu wako. Ine anasakaniza zonsezi dala kuti ndisafunse za notisi.

Wosowa Tulo: Zikomo nonse. Agogo, mpandowo ndinagula kushoni yake ndi ndalama zanga, n'chifukwa chake zikundipweteka. Ndipo supavaizayo lero waika chithunzi pa WhatsApp ali pa desiki yanga akumwetulira.

Kalaliki: Achemwali, envelopu ija mwaitsegula?