Bambo a kunyumba akufuna kugulitsa makina kuti apite ku migodi ya kopa ku Solwezi, ndivomere?

A admin chonde bisani dzina langa, apongozi anga ali m'gulu lomwe lino.

Ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Ndola. Ndola ya kuno ku Zomba, osati ya ku Zambia, ngakhale chomwe chandisowetsa tulo ndi cha ku Zambia komweko. Bambo a kunyumba ndi owotcherera zitsulo, anaphunzira ku Nasawa, ndipo ali ndi kashedi ku Chinamwali komwe amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Ntchito imapezeka koma mwa apo ndi apo. Magetsi akazima tsiku lathunthu amangokhala, mwini geti n'kumabwera kudzatukwana. Ine ndimaoda matemba ku Kachulu n'kumagulitsa mumsika, ndiye mukudziwa kale mmene Chilwa amachitira, chaka china nsomba mbwee, chaka china fumbi.

Mwezi watha anakumana ndi bambo wina mu minibasi yochokera ku Limbe. Akuti migodi ya kopa ku Zambia yadzukanso, ku Solwezi ndi ku Kalumbila akufuna owotcherera ndi madalaivala, ndipo iyeyo ndi amene amatenga anthu a kuno. Akufuna K850,000 ya peremiti, kupimidwa kuchipatala ndi thiransipoti. Anawatumizira kalata pa WhatsApp ya chidindo ndi chizindikiro cha kampani. Ndalama imeneyo ife tilibe. Bambo a kunyumba akuti agulitse makina owotcherera ndi jenereta, yotsalayo ine ndikatenge ku banki m'khonde.

Chomwe chikuwakoka ndikuchidziwa. Agogo awo aamuna anagwirapo ntchito ku Luanshya nthawi ya Chitaganya, anabwerako ndi njinga, wailesi ndi ndalama zomwe anamangira nyumba ya malata ku Thondwe. Nkhani imeneyo inawalera. Koma amaiwala dala kuti mng'ono wa agogowo anapita limodzi ndipo anatchona, ngakhale manda ake palibe akuwadziwa.

Funso langa: kodi n'zoona kuti migodiyi yayambiranso? Nanga Mmalawi angalembedwe ntchito mwanjira imeneyi? Sindikufuna kukhala mkazi wotsekereza mwayi wa mwamuna, koma makinawo ndiwo mphika wathu.

MAYANKHO

Nachisale wa ku Matawale: Ameneyo ndi dobadoba basi. Chidindo ngakhale mwana wa Fomu 2 akhoza kupanga pa foni.

Dalaivala wa Mathiraki: Achemwali, ine msewu wa Mchinji, Chipata, Lusaka, Kitwe, Chingola mpaka Solwezi ndauyenda kangapo, ndiye ndiyankhe mafunso anu awiriwo paderapadera chifukwa mayankho ake ndi osiyana.

Loyambalo, inde. Pamenepo munthuyo sananame, ndipo n'chifukwa chake bodza lake likukoma. Solwezi kale kanali katauni ka fumbi kumapeto kwa dziko, anthu ake Akaonde akudalira ulimi. Mgodi wa Kansanshi, womwe ndi wakalekale, unali utagona mpaka kampani ya First Quantum inayambanso kukumba mu 2005. Kenako kunabwera Lumwana, womwe lero uli m'manja mwa kampani ya Barrick, ndi Sentinel ku Kalumbila. Posachedwapa Kansanshi aukulitsa, Lumwana nawo akuukulitsa, ndipo boma la a Hakainde Hichilema likunena kuti likufuna matani 3 miliyoni a kopa pa chaka pofika 2031, pomwe pano sanafike ndi 1 miliyoni yomwe. Kopa akufunika chifukwa cha mawaya a magetsi, sola ndi magalimoto oyendera batire. Usiku mathiraki amachita kundondozana pamsewu wa Chingola.

Lachiwirilo, ayi. Peremiti yogwirira ntchito ku Zambia amakupemphera ku Immigration ndi amene wakulemba ntchitoyo, ndipo amayenera kuonetsa kuti luso lakolo Mzambia alibe. Tsono owotcherera ku Kitwe ndi ku Mufulira ali mbwee, ena agwira mu mgodi zaka 20 ndipo akufuna ntchito yomweyo. Ngakhale Akaonde enieniwo amadandaula kuti ntchito zikutengedwa ndi Abemba ochokera ku Copperbelt, nanga wa ku Zomba ndiye akalowera khomo liti? Chinanso, wogwira mu mgodi amafunika satifiketi yoti chifuwa chake chilibe matenda a fumbi, ya silicosis, ndipo amakapimidwa ku Zambia komweko, likulu lake lili ku Kitwe. Simulipira munthu wa mu minibasi kuti akupimireni.

Mwini funso: Achimwene zikomo. Nanga akapita okha opanda munthuyo, kukayesa mwayi?

Dalaivala wa Mathiraki: Kulowa alowa ngati mlendo, Amalawi sitifuna viza. Koma chidindo cha mlendo si chilolezo cha ntchito. Maganyu a m'magalaja a makontilakita angawapeze, koma tsiku lomwe bwana wakana kulipira, akadandaula kwa ndani? Lendi ku Solwezi ndi yowawanso, musaone ngati ku Chikanda.

Che Ajusa a ku Songani: Inu azimayi mumatero, mawa mudzayambanso kunena kuti mwamuna wanga ndi waulesi. Msiyeni munthu akayese. Anzathu ali ku Joni anapita ndi mapepala ati? Kuno ndalama yake ikugwa tsiku ndi tsiku, kwacha ya Zambia ukasintha imachita kudzaza thumba.

Nachisale wa ku Matawale: Che Ajusa, akayese ndi ndalama za nsomba za mkazi wake? Mukadzamva kuti a banki m'khonde abwera kudzanyamula matilesi mudzathandiza inuyo?

Agogo a ku Domasi: Mwanangu, ndalemberedwa ndi mdzukulu, maso anga pa foni sagwira. Ine ndinabadwira ku Luanshya, bambo anga anali kalaliki pa mgodi wa Roan Antelope, monga Anyasalande ambiri a nthawi imeneyo amene anaphunzira ku mishoni. Ndinakulira m'nyumba ya mgodi, chipatala cha mgodi, mpira wa mgodi, ngakhale babu likapsa amadzasintha a mgodi. Tinkaona ngati zidzakhala choncho mpaka kalekale. Mtengo wa kopa utagwa cha m'ma 1975, zinthu zinayamba kufota pang'onopang'ono. Boma la a Kaunda linali litatenga migodi, kenako inaphatikizidwa kukhala kampani imodzi ya ZCCM mu 1982. Itagulitsidwa, wa ku Luanshya unapita kwa kampani ya Binani mu 1997, ndipo pofika 2000 unali utagwa. Ine ndinali nditabwerera kale kuno, koma anzanga amene anatsala ankalima chinangwa kuseri kwa nyumba zomwe kale zinali ndi maluwa, madzi m'mipope mulibe. Unatsegulidwanso, n'kutsekanso kumapeto kwa 2008, kenako anautenga Matchaina mu 2009. Pano ndikumva kuti akupopa madzi mu dzenje la mgodiwo lotchedwa Shaft 28 kuti ayambirenso. Ndikusangalala nawo, ndi kwathu kumene kuja. Koma mtengo wa kopa amaupanga ku London, ndipo ukatsika oyamba kuchotsedwa ndi a makontilakita, pakati pa iwowo woyamba ndi mlendo. Agogo a amuna akowo anapita nthawi yomwe Nyasaland ndi Northern Rhodesia zinali pansi pa boma limodzi, panalibe za peremiti. Awauze zimenezo.

Mayi a Mapasa: Palibe wanena izi, ndiye ndinena ine. Mwamuna yekhayekha m'tauni ya mgodi, ndalama m'thumba pakutha pa mwezi. Anga anapita ku Tete nthawi ya malasha ija. Miyezi isanu yoyamba ankatumiza. Sindiwonjezera.

Mphunzitsi wa ku Jali: Onjezani pa nkhani ya thanzi. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals linaphulika ku Chambishi, asidi n'kulowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapserera, ku Kitwe anatseka madzi. Amene amapita opanda mapepala amakakhala m'makomboni a m'mbali mwa zinthu zoterezi. Komanso bwanji osayang'ana pafupi? Ku Kangankunde, pa Balaka pompa, akukonza mgodi, ndipo Kayelekera ku Karonga anatsegulanso mu 2025 atakhala chitsekere kuyambira 2014. Sindikunena kuti ntchito ili yodikira, koma kumeneko chitupa cha Unzika ndi satifiketi ya ku Nasawa zikukwanira kuponyera kalata, ndipo akakanidwa madzulo agona kwawo.

Che Ajusa a ku Songani: Aphunzitsi, ku Kangankunde mwalembako angati inu?

Dalaivala wa Mathiraki: Achemwali, yesani izi musanakangane m'nyumba. Alamuwo amuuze munthuyo kuti ndalama apereka akaona nambala ya peremiti ndi kalata yochokera pa imelo ya kampaniyo, osati pa WhatsApp. Makampani akuluakuluwa amalengeza ntchito pa masamba awo a pa intaneti, ndipo kufunsira ntchito salipiritsa. Amufunsenso dzina la kontilakita ndi komwe kuli ofesi yake ku Solwezi. Sabata ya mawa ndikudutsa komweko, ndikhoza kukasuzumira.

Mwini funso: Ndabweranso. Usiku ndinawawerengera mayankho onse, a Che Ajusa omwe, kuti asati ndasankha okoma okha. Pa za Agogo a ku Domasi anakhala chete nthawi yaitali. M'mawa anamuimbira bambo uja pa sipika ine ndili pompo. Atafunsidwa dzina la kontilakita anati ndi chinsinsi cha kampani. Atafunsidwa za peremiti anati malo atsala awiri okha, ndipo ngati ndalama yavuta titumize kaye K300,000 pa foni lero lomwe, dzina la pa nambalayo n'kukhala la mzimayi. Bambowa anangodula foni n'kupita ku shedi osadya phala. Jenereta sanagulitse, koma wogula anabwera kale kudzaiona Lachiwiri ndipo akuti abweranso. Za ku Zambia sanazisiye, akuti pasipoti apangitsabe. Achimwene a mathiraki, ndakulemberani ku inbox, ndikutumizirani chithunzi cha kalata ija kuti mukaifunse ku Solwezi.