Ma Impreza a buluu ali mbwee ku Area 47, STI yeniyeni tiidziwa bwanji?

gudumu47:
Akuluakulu, madzulo mukaima pa Bwandilo simulephera kuona Subaru Impreza ya buluu, malimu agolide, chiphiko kumbuyo ndi sitika yapinki ya STI, mtundu wa Impreza wothamanga kwambiri. Ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe nakonso zilipo. Koma zina zikaponda moto ndi phokoso lokhalokha, liwiro ziii. Tingasiyanitse bwanji yeniyeni ndi yongovekedwa? Nanga ija imati "pshhh" posintha giya, ndiye umboni wa turbo?

sipanala12:
Achimwene, chiphiko ndi sitika musazikhulupirire, zimenezo aliyense amagula. Khalani pansi muone kuseri kwa limu. STI ya pakati pa 2000 ndi 2007 nthawi zambiri ili ndi mabuleki a Brembo agolide, a mapisitoni 4 kutsogolo ndi 2 kumbuyo, ndipo disiki imadzaza limu ya mainchi 17. Impreza wamba ya injini ya malita 1.5 disiki yake ndi kambale kakang'ono, kumbuyo nthawi zambiri ndi dilamu. Ena amapenta golide kalipa wamba, koma kukula sikupenteka.

Kenako suzumirani pakamwa paja pa boneti. Mkatimo muyenera kuona timizere ta intercooler, choziziritsa mpweya wochoka ku turbo, chifukwa Subaru anaiika pamwamba pa injini. Mukaona chitsulo cha boneti chosaboola, kamwalo ndi lomata. Pa windo onani ndodo ya giya: magiya ndi 6, a manual. Otomatiki ya m'badwo umenewu yokhala STI kulibe.

Mwiniwake akalola, nambala ya chasesi ndiyo imathetsa mkangano. GDB ndi STI, GDA ndi WRX wamba (ya turbo koma yochepa mphamvu kuposa STI), GD2 ndi GD3 ndi za 1.5.

boxer_bt:
Ndiwonjezere za kulira kwake, poti apa ambiri amasochera. Kugunda kuja kwa "dudududu" kumabwera chifukwa mapaipi a utsi ochoka ku masilinda ndi osiyana kutalika, ndiye utsi umafika modukizadukiza. Kuyambira kumapeto kwa 2002, STI ya ku Japan anaiika turbo ya twin-scroll ndi mapaipi ofanana, kugundako kunachepa kwambiri. Ndiye GDB ya nyali zosongoka ya 2006 ikhoza kudutsa mosalala, pomwe ya 1.5 yodula ekizozi ikudzutsa mudzi wonse. Khutu lokha lidzakunamizani.

sipanala12:
Za "pshhh" zija, inde pamafunika turbo, koma si chizindikiro cha galimoto yosamalidwa. Phokosolo limachokera ku valavu yotulutsa mpweya wa turbo mukasiya moto: ya ku fakitale imabweza mpweyawo mu paipi yolowera. Yogula ija imautayira kunja, chonsecho sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, inauwerenga kale ndipo kompyuta yathira petulo wolingana nawo. Zotsatira zake petulo amachuluka, mapulagi amada, ekizozi imaphulitsa, ndipo galimoto imatha kuzima mukamaima pa maloboti. Mukamva ikutsokomola ikamaima, dziwani ndi zimenezo.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi mafuta. Injini ya STI, EJ207, anaitchunira petulo wa ku Japan wa octane pafupifupi 100, wathuyu safika pamenepo. Munthu akakweza boost (mphamvu ya mpweya wa turbo) osasintha mapu a ECU (kompyuta ya injini), injini imagogoda ikamakoka, ndipo chimayamba kusweka ndi mpanda wa pakati pa maling'i a pisitoni. Utsi wa buluu ndi kumwa oyilo, ndiye kuti zafika kale.

mahampu_mw:
Musaiwale kuyang'ana kunsi kwa bampala yakutsogolo. Yotsitsidwa ndi masipuling'i enieni, mamilimita 25 kapena 30, imaima molingana mbali zonse. Yodula masipuling'i ndi gilayinda imapendama, imadumpha ngati chule pa hampu, ndipo mateyala amadyeka mkati poti alayimenti sanapangenso.

gudumu47:
Nanga Toyota Altezza zija, RS200 ndi AS200, njira yake ndi yomweyo?

boxer_bt:
Chasesi basi, amwene. SXE10 ndi RS200, masilinda 4, injini ya 3S-GE. GXE10 ndi AS200, masilinda 6, injini ya 1G-FE. Yolira mokoma ndi ya 6, yothamanga ndi ya 4.